Wogulitsa fodya ku Johannesburg akhale ndi chiphaso choti angathe kulandidwa

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu za ana athu amene akukulira kuno ku Joni, ndi fodya amene akumupeza mosavutikira akangotuluka pageti la sukulu. Pempho lathu likupita ku khonsolo ya mzinda wa Johannesburg, koma talemba m'Chichewa chifukwa nkhaniyi ikutikhudza pawiri. Ndife makolo a ana ophunzira ku Yeoville, Rosettenville, Turffontein, Diepsloot ndi Cosmo City. Ndifenso, ambiri a ife, amene timaima pakauntala m'maspaza kapena kukhala patebulo m'mbali mwa msewu, pomwe ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi limodzi ndi maswiti. Chimene tikufuna nchakuti aliyense wogulitsa fodya mumzinda uno akhale ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo chiphasocho chikhale choti akhoza kulandidwa akapezeka akugulitsa kwa mwana.

Lamulo loletsa lilipo kale. Tobacco Products Control Act ya 1993, itakonzedwanso mu 2008, inakweza zaka zogulira fodya kuchoka pa 16 kufika pa 18. Wogulitsa kapena kungopatsa mwana fodya akhoza kulipitsidwa chindapusa chofika R100 000. Lamulo lomweli limaletsa mwini sitolo kuika mwana wosakwana zaka 18 kuti azigulitsa fodya, ndipo limaletsanso malonda a fodya m'zipatala, m'mafamase ndi m'malo ophunzirira ana. Papepala zonse zili bwino. Chomwe chikusowa ndi mndandanda wa ogulitsa. Businesses Act ya 1991 imafuna laisensi kwa ophika ndi kugulitsa chakudya komanso malo ena a zisangalalo, koma fodya mulibe. Wogulitsa mowa amayamba wapita ku Gauteng Liquor Board, koma wa fodya amangogula katoni kuholoselo m'mawa, pofika masana ali pamalonda. Woyendera zaumoyo sangayendere anthu amene sakuwadziwa. Ngakhale amugwire mmodzi, mlandu umayenera kudzera kupolisi ndi kukhoti, komwe kuli kale milandu ya kupha ndi umbava yodikira tsiku, ndipo nthawi yonseyo wogulitsa uja akupitiriza malonda ake pamalo omwewo.

Ife a ku Malawi izi ziyenera kutidabwitsa. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji sangatengere mabelo ake ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo asanalembetse ku Tobacco Commission ndi kupatsidwa mlingo wa makilogalamu oti alime. Tsamba likadali kumunda limalondolozedwa chonchi, koma likasanduka ndudu nkufika pamene mwana angatambasule dzanja, palibe amene akuwerengera. Tikudziwa kuti ambiri a ife tinaphunzira ndi ndalama za fodya, ndipo ena amamva kuwawa tikamalankhula chonchi. Chiphaso cha wogulitsa ku Hillbrow sichilanda mlimi wa ku Dowa kalikonse. Munthu wamkulu wosuta adzagulabe. Amene tikumutsekera njira ndi mwana wa zaka 14.

Kafukufuku wa Global Adult Tobacco Survey wa mu 2021 anapeza kuti anthu 29 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo muno mu South Africa amagwiritsa ntchito fodya, ndipo msinkhu woyambira kusuta unali pafupifupi zaka 17 ndi theka. Apa mpoonekeratu kuti ambiri chibaba chimawagwira lamulo lisanawalole nkugula komwe. Tsopano kwabweranso ndudu zamagetsi zotchedwa vape. Ofufuza a ku University of Cape Town atafunsa ophunzira oposa 25 000 m'masekondale 52, anapeza kuti pafupifupi 17 mwa 100 alionse amakoka vape. Sukuluzo zinali zolipira, koma timavape totaya tikatha tafika kale m'masitolo a mafoni m'tauni. Lamulo la 1993 silikhudza vape konse. Bilu yofuna kutseka mpata umenewu inalowa m'Nyumba ya Malamulo mu December 2022, ndipo yatenga zaka ikukambidwa. Khonsolo siyenera kudikira. Gawo 156 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo pa kayendetsedwe ka malonda, malonda a m'misewu ndi zaumoyo wa m'dera, bola asatsutsane ndi lamulo la boma. Makampani akuluakulu adzayesa kutsutsa kukhoti, choncho olemba lamulolo alitsamize poyera pa mphamvu zimenezi.

Chiphaso chongokhomedwa pakhoma sichiletsa mwana aliyense kusuta. Mphamvu yake imachokera pa momwe chakonzedwera.

Poyamba, mawu akuti fodya alembedwe motambasula: ndudu, fodya wopichira, fodya wamphuno, wa hubbly, vape ndi madzi ake, komanso timatumba ta nikotini toika kunkhama. Mukasiyapo chimodzi, malonda a ana amasamukira pomwepo. Chiphasocho chikhale cha malo amodzi ndi munthu mmodzi woyankhira, cha chaka chimodzi, chosagulitsika ndiponso chosabwerekedwa. Mwini masitolo atatu atenge ziphaso zitatu. Nambala yake iziikidwa poonekera, ndipo mndandanda wonse uzikhala pa intaneti kuti kholo kapena mphunzitsi wamkulu athe kuona ngati sitolo ya pangodya ilimo. Khonsolo siyambira pachabe. Ana 6 atamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu October 2024 chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo a terbufos, atadya zakudya zimene ankati zinagulidwa pa spaza, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti maspaza onse alembetse, choncho maina ndi maadiresi ambiri ali kale m'maofesi a zigawo 7 za mzindawu. Chofunika nkuonjezera funso lakuti kodi mumagulitsa fodya, ndi kufikira amene kalembera uja sanawakhudze: mamalo omwetsera mafuta, mabala, masaluni, masitolo a mafoni ndi mavenda a pamarenki.

Ndalama ya chiphaso ndi pamene mizinda yambiri imaphonya. Ikachepa kwambiri, palibe cholipirira oyendera, ndipo chiphaso chimangokhala risiti. Ikakwera kwambiri, wa patebulo satenga, amangobisa ndudu m'thumba nkumagulitsabe. Njira yake nkuwerengera ntchito kaye, mtengo pambuyo. Tiyerekeze wodi ina ili ndi ogulitsa 200. Aliyense akayesedwa kawiri pachaka kuti aone ngati amagulitsa kwa ana, ndi maulendo 400. Ngati mmodzi mwa anayi alionse walephera nkufunika kumubwereranso, maulendo afika pafupifupi 500. Gulu limodzi lotha masitolo 10 pa masana amodzi lifunika masana 50. Muwerengere malipiro a oyendera awiri pa masiku amenewo, galimoto, kachithokozo ka achinyamata othandiza ndi ntchito ya muofesi, kenaka mugawe kwa ogulitsa 200 aja molingana ndi kukula kwawo: supamaketi ilipire zambiri, spaza pang'ono, wa patebulo pang'ono kwambiri. Ndalamayo isalowe m'thumba lalikulu la khonsolo. Ikalowa mmenemo ikakwirira maenje a m'misewu, ndipo chaka chachiwiri kuyendera kudzatha.

Mtima wa dongosolo lonse ndi kugula koyesa, ndipo apa tikufuna kukhalitsapo. Wachinyamata wa zaka 15 kapena 16, amene makolo ake avomereza molemba, amalowa m'sitolo kukapempha fodya. Akhale wooneka msinkhu wake, wopanda ndevu, wosadzola zodzikulitsa, ndipo ajambulidwe chithunzi tsiku lomwelo kuti pasadzakhale mkangano wakuti ankaoneka wamkulu. Woyendera wovala wamba amalowa kaye ngati kasitomala nkuima poti aone ndi kumva zonse, mnzake ali panja. Nambala za ndalama zogulira zimalembedwa asananyamuke. Mwanayo sanama: akafunsidwa zaka anene zoona, akafunsidwa chitupa anene kuti alibe, akakanizidwa atuluke osachonderera. Akagulitsidwa, apite molunjika kugalimoto, fodyayo aikidwe m'kathumba komata kolembedwa tsiku, nthawi ndi adiresi, ndipo ndi pamenepo woyendera amadziulula. Popeza m'dziko muno gawo 252A la Criminal Procedure Act ndi limene limayendetsa nkhani za misampha yotere, ndondomeko yonse igwirizanidwe ndi oimira boma pa milandu isanayambe. Kupanda kutero umboni ukhoza kukanidwa.

Zimene zimalakwika nzodziwika. Mwana akatumidwa kukapempha paketi yathunthu, zotsatira zimaoneka zabwino monyenga, chifukwa ana a sukulu sagula paketi. Amagula ndudu imodzi, imene kuno amati loose. Woyesa apemphe chomwe ana amapempha. Akapita 10 koloko m'mawa sapeza kanthu. Nthawi yake ndi ana akamapita kusukulu ndi akamaweruka. Mukagwiritsa ntchito mwana yemweyo mumsewu umodzi, sitolo yachitatu idzakhala itauzidwa kale pa WhatsApp, choncho masitolo a tsiku limodzi akhale otalikirana, ndipo mwanayo asatumidwe kudera la kwawo, kuti asadzavutitsidwe. Palinso vuto limene kugula koyesa sikulitha palokha: wogulitsa amakaniza mwana wachilendo koma amagulitsa kwa amene amamudziwa, makamaka akanena kuti "andituma bambo". Mawu amenewa tonse timawadziwa, ndipo ambiri timaona ngati ndi ulemu kuti mwana atumikire wamkulu. Lamulo silisiyanitsa. Kupereka fodya m'manja mwa mwana ndi mlandu, kaya watumidwa kaya ayi. Abambo amene mumatuma ana kukagula ndudu, ndinu amene mukuwaphunzitsa mtengo wake, malo ake ndi mawu opemphera. Nchifukwa chake payenera kukhala njira yoti aphunzitsi ndi makolo azidandaulira osatchulidwa dzina, ndipo dandaulo lililonse lizitsatiridwa ndi ulendo wa oyendera.

Dziko la United States linaika mlingo kudzera mu lamulo la Synar la 1992: boma la dera lililonse liziyesa masitolo chaka ndi chaka, ndipo ogulitsa kwa ana asapitirire 20 mwa 100 alionse. Johannesburg nayo idziikire mlingo wake ndi kumalengeza zotsatira za wodi iliyonse, kuti khansala azifunsidwa.

Chilango chikwere pang'onopang'ono, ndipo chigwere mwini chiphaso. Tikunenetsa zimenezi chifukwa tikudziwa amene amaima pakauntala: mnyamata wochokera ku Mangochi kapena ku Mzimba, wolandira malipiro ochepa, amene bwana anamuuza kuti asabweze kasitomala. Chindapusa chikalembedwa pa dzina lake, bwana amangomuchotsa nkulemba wina, malonda osasintha. Ulendo woyamba pakhale chindapusa ndi maphunziro a ogwira ntchito onse. Wachiwiri, kuimitsidwa kugulitsa fodya kwa masiku 30. Wachitatu, miyezi ingapo. Wachinayi, kulandidwa chiphaso, ndipo pa adiresi imeneyo pasaperekedwenso china kwa nthawi yoikika, apo ayi mawa lake mlamu wake adzabwera kudzalembetsa. Ku Scotland, komwe ogulitsa fodya akhala akulembetsa kuyambira 2011, wolakwa katatu m'zaka ziwiri akhoza kuletsedwa ndi khoti kugulitsa fodya mpaka miyezi 24. Chofunika kuchimvetsa nchakuti choimitsidwa ndi fodya yekha. Buledi, mkaka, palafini ndi eyataimu zigulitsidwebe. Kutseka sitolo yonse kumalanga dera lonse, ndiponso kumapatsa woyendera mphamvu yoopsezera imene imabala ziphuphu. Pa masiku oimitsidwawo fodya achotsedwe m'sitolo kapena amatidwe m'katoni, ndipo oyendera abwererenso kawiri kapena katatu mosalengeza. Akapanda kubwerera, fodya amangotsikira pansi pa kauntala.

Za mtunda wa pakati pa sitolo ndi sukulu, tisangokopera za ena. Lamulo la mowa la Gauteng limatchula mamita 500. Mukajambula mamita 500 kuzungulira sukulu iliyonse ku Hillbrow, Berea ndi pakati pa tauni, komwe sukulu zina zili m'nyumba zosanja pamwamba pa masitolo, simutsala malo ngakhale amodzi, ndipo lamulo loletsa aliyense palibe amene amalitsata. Mzinda wa San Francisco kuyambira 2015 supereka ziphaso zatsopano pa mtunda wa mafiti 500, omwe ndi pafupifupi mamita 150, kuchokera pasukulu kapena kwa wogulitsa wina, ndipo unaika malire a ziphaso 45 pa chigawo chilichonse. Amene analipo kale sanathamangitsidwe. Chiwerengero chimatsika masitolo akamatsekedwa. Mtunda wotere ndi wotheka kuno. Lamulo linene momveka poyambira kuyeza, kaya pageti kaya pampanda, chifukwa milandu yambiri ya apilo imachokera pamenepo. Matebulo a pageti penipeni pa sukulu okha ndiye asapatsidwe chiphaso cha fodya mpang'ono pomwe. Hungary inachita mwamphamvu mu 2013, kuchotsa fodya m'masitolo wamba nkusiya masitolo apadera amene mwana saloledwa kulowamo, koma kagawidwe ka ziphasozo kanadzetsa madandaulo aakulu a kukondera. Njira imeneyo si ya mzinda umene anthu ambiri amadyera malonda ang'onoang'ono.

Ena adzati zonsezi nzopanda pake poti msika wadzaza ndi fodya wozembetsa msonkho. Nkhawayi ndi yoona. Boma litaletsa malonda a fodya kuyambira kumapeto a March mpaka pakati pa August 2020, osuta ambiri sanasiye, anangophunzira kogula kwina, ndipo ofufuza a ku University of Cape Town akhala akuwerengera kuti ndudu zoposa theka zosutidwa m'dziko muno sizilipira msonkho. Mu 2024 msonkho wa paketi ya ndudu 20 unali R21.77, ndipo mukaonjezera VAT umapitirira pang'ono R25. Ndiye kuti ndudu imodzi inali ndi msonkho wa pafupifupi R1.25. Paketi ya R15 kapena ndudu ya R1 singakhale kuti inalipira msonkho, ndipo ndudu yotchipa imeneyi ndi imene ndalama ya mwana yodyera kusukulu imakwanitsa. Koma phunziro la 2020 nlakuti kutseka msika wonse nthawi imodzi sikuthandiza, osati kuti msika usalondolozedwe. Chiphaso chimapatsa wogulitsa chinthu choti angataye. Chikhale ndi mfundo ziwiri zoonjezera: wogulitsa azisunga marisiti a komwe anagula fodya wake kwa miyezi 12, ndipo maholoselo a mumzinda azigulitsa makatoni kwa okhawo oonetsa nambala ya chiphaso, nkumailemba pa risiti. Mafakitale ndi ntchito ya SARS, bungwe lotolera msonkho. Khonsolo igwire pamene dzanja lake likufika.

Ndudu zogulitsa imodziimodzi ndi nkhani yovuta, ndipo sitikufuna kuibisa. Gawo 16 la pangano la WHO loletsa fodya, limene South Africa inalowa mu 2005 ndipo Malawi mu 2023, limalimbikitsa maiko kuthetsa malonda amenewa, ndipo Kenya inawaletsa mu lamulo lake la 2007. Ndudu imodzi ilibe chenjezo la zaumoyo, ndipo ndi khomo limene ana ambiri amalowera. Komabe mayi wa patebulo ku renki ya Noord phindu lake lili pomwepo. Maganizo athu ndi akuti chiletsochi chiyambire pafupi ndi sukulu, kenaka chifalikire mzinda wonse pa tsiku lolengezedwa chaka chathunthu pasadakhale, kuti mavenda apeze nthawi yosintha katundu.

Tifike tsopano pa mantha a anthu athu, chifukwa ndi omveka. Pepala lililonse latsopano kuno limatha kusanduka chikwapu chokwapulira mlendo. Timakumbukira Operation Clean Sweep ya 2013, pamene mavenda zikwi zingapo anachotsedwa m'misewu ya m'tauni, ngakhale amene anali ndi mapepala, mpaka Constitutional Court inalamula mu December chaka chomwecho kuti abwerere. Timakumbukiranso kalembera wa maspaza: masiku 21 oyamba sanakwane, tsiku lomaliza linasunthidwa kufika pa 28 February 2025, ndipo m'malo ena magulu a anthu ankatsekereza alendo pakhomo la ofesi. Chiphaso cha fodya chikayendetsedwa motero, chidzalephera. Amene wakanizidwa sasiya kugulitsa, amangochoka pamndandanda, kapena amalembetsa m'dzina la mwini nyumba, ndipo tsiku lolakwa woyankhira sapezeka. Mu 2014 Supreme Court of Appeal, pa mlandu wochokera ku Limpopo, inagamula kuti othawa kwawo ndi ofunsira chitetezo ali ndi ufulu wopempha ziphaso za malonda. Lamulo la khonsolo litchule mwatsatanetsatane mapepala olandiridwa, kuti kalaliki asamaganize yekha. Nthawi yolembetsa ikhale miyezi 6, ndipo izitheka pafoni. Yankho liperekedwe pasanathe masiku 30, lokana likhale lolembedwa ndi zifukwa zake, ndipo pakhale kokachita apilo. Woyendera asalandire ndalama m'manja. Chindapusa chizilipiridwa kubanki kapena kuofesi. Katundu wolandidwa alembedwe pa risiti yosainidwa. Ntchitoyi itsogoleredwe ndi oyendera zaumoyo, apolisi a mzinda a JMPD azingoperekeza pomwe pali chiopsezo, ndipo ulendo woyesa za fodya usasanduke wofufuza mapasipoti a ogwira ntchito. Ukangosanduka choncho, sitolo iliyonse idzatseka chitseko ikaona galimoto ya khonsolo, ndipo palibe kholo lachilendo limene lidzadandaule za wogulitsa aliyense.

Kwa abale athu a pakauntala, pali zimene mungayambe lamulo latsopano lisanabwere. Aliyense wooneka wosakwana zaka 25 mufunseni chitupa, chifukwa nkhope imanyenga. Pa ID ya kuno manambala 6 oyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku lobadwa. Lembani pakapepala pafupi ndi ndalama chaka chimene munthu wa zaka 18 anabadwa, ndipo muzikasintha January aliyense. Wovala yunifolomu ya sukulu musamugulitse, ngakhale atati ndi wa matric ndipo wakwanitsa zaka, pokhapokha ataonetsa chitupa. Ndudu ndi vape zichoke pafupi ndi maswiti ndi machipisi. Mukambirane ndi abwana anu pasadakhale, muwakumbutse za R100 000 ija, kuti mukabweza mwana asadzakudzudzuleni.

Lamulo la khonsolo lisanavomerezedwe, Municipal Systems Act ya 2000 imalamula kuti lisindikizidwe kuti anthu aperekepo maganizo, ndipo wokhala mumzinda aliyense akhoza kulemba, kaya amavota kaya ayi. Mipingo yathu, mizikiti, magulu a zamaliro ndi makomiti a makolo m'sukulu akhoza kutengera nkhaniyi kwa khansala ndi komiti ya wodi, nkupempha kuti ipite ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo. Polemba, mutchule dzina la msewu, sukulu yoyandikira, chiwerengero cha malo ogulitsa fodya amene mwawerenga pa mtunda wa mamita 150 kuchokera pageti, ndi mtengo wa ndudu imodzi pamalopo.

Ndife owerenga anu,
Makolo ndi ogwira ntchito m'masitolo
Johannesburg